Fungo la m'kamwa: yambani ndi lilime, osati m'mimba

Munthu akamanunkha m'kamwa, womaliza kudziwa amakhala mwiniwake. Mphuno imazolowera fungo la thupi lake, ndipo anzake amachita manyazi kumuuza. Iye amangodabwa kuti amene wakhala naye mpando umodzi m'minibasi yochokera ku Matero watembenukira kuwindo, kuti kapitawo akamamupatsa ntchito amaima chapatali, kuti kunyumba mkazi wake amagona atayang'ana kukhoma. Ena amakhala chomwecho zaka zambiri, chonsecho kwa anthu ochuluka vutoli limatha ndi mswachi, madzi akumwa ndi ulendo umodzi kapena maulendo awiri a kwa dokotala wa mano.

M'makomboni mwathu, munthu akadandaula za fungoli amauzidwa kuti ali ndi njoka za m'mimba kapena zilonda za m'mimba. Ndiye amayamba kumwa zotsegula m'mimba, wina amakagula mizu ku Soweto Market, ndalama n'kumapita fungo lili pomwepo. Zimene madokotala a mano apeza n'zakuti mwa anthu 10 alionse amene ali ndi vutoli, 8 kapena 9 gwero lake lili m'kamwa momwemo. Njira yotsikira m'mimba imakhala yotseka, imatseguka makamaka pomeza ndi pogeya. Choncho mpweya wa m'mimba sutuluka nthawi iliyonse munthu akamalankhula.

M'kamwa mwa aliyense muli mabakiteriya, ndipo ena mwa iwo amakonda malo obisika kumene mpweya sufika bwino: kumbuyo kwenikweni kwa lilime, pakati pa mano, m'munsi mwa nkhama ndi m'dzino lobooka. Chakudya chawo ndi zotsala za nyama ndi nsomba, magazi otuluka m'nkhama, mamina otsikira kukhosi ndi tikhungu takufa ta m'kamwa. Akamadya zimenezi amatulutsa mpweya wokhala ndi sulufule, womwe uja umanunkhitsa dzira lovunda. Lilime ndilo limasunga zambiri. Pamwamba pake, makamaka chakukhosi, pali ngati thaulo, moti litsiro limakanirira m'timipata take. Imani pagalasi, tulutsani lilime lonse, muone ngati kumbuyo kwake kwayanga zoyera kapena zachikasu. Tengani supuni yoyera, mupale pang'ono kumbuyoko, mudikire kuti ziume, kenako mununkhize. Zimene mwamvazo ndi zomwe anzanu amamva. Kupumira m'manja n'kununkhiza, monga ambiri timachitira, sikuuza munthu zoona.

Tsiku la munthu wogwira ntchito ku mafakitale

Mdani wamkulu wa mabakiteriyawa ndi malovu. Malovu amatsuka m'kamwa tsiku lonse popanda ife kudziwa. Usiku amachepa, n'chifukwa chake aliyense, ngakhale waukhondo bwanji, amadzuka ndi kafungo kamene kamatha akatsuka m'kamwa ndi kudya. Tsono taganizani za tsiku la bambo wa ku George kapena ku Kanyama amene amagwira ntchito ku Heavy Industrial Area. Wadzuka kusanache, wasukusula, wayamba wapansi kulowera ku Mungwi Road kapena ku Lumumba Road m'mimba mulibe kanthu. Ngati ndi wa ganyu, aima pageti la kampani maola awiri kudikira kuitanidwa. Akalowa, ndi fumbi la simenti, la chigayo kapena la matabwa. Mphuno zikatseka amayamba kupumira kukamwa, makamaka akavala chotchinga fumbi. Madzi samwa okwanira, mwina chifukwa mpopi uli kutali, mwina chifukwa safuna kumapempha chilolezo chopita kuchimbudzi. Nthawi yopuma ndi ndudu imodzi ndi switi yapakantemba. Pofika 15 koloko m'kamwa mwauma gwaa, malovu ndi onata, lilime layera. Munthu ameneyu sadwala m'mimba. M'kamwa mwake mwangokhala maola 9 kapena 10 mosatsukidwa ndi malovu, madzi kapena chakudya chotafuna.

N'chimodzimodzi ndi alonda a usiku, madalaivala a mathiraki amene amagona m'galimoto kudikira katundu, makondakitala amene amakuwa tsiku lonse, ndi amayi ogulitsa nsima kunja kwa mageti amene amadyetsa ena iwo osapeza mpata wodya. Mu Seputembala ndi Okutobala, kunja kukatentha ndi fumbi, vutoli limakula. Nawo osala kudya, kaya ndi kutchalitchi kaya pa Ramadan, amalidziwa bwino.

Kwa anthu otere mankhwala oyamba ndi otchipa. Nyamulani botolo la madzi, muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osadikira ludzu. Musachoke pakhomo osatafuna kanthu, kaya ndi mbatata, chinangwa, chimanga chowotcha kapena nsima yotsala dzulo, chifukwa kutafuna kumatulutsa malovu ndipo chakudya chimapala lilime pomeza. Tiyi wa shuga wambiri kapena maheu okha sagwira ntchito imeneyi. Mukadya masana, chukuchani m'kamwa ndi madzi kangapo. Ndipo madziwo akhale otetezeka. Amene tinaona kolera wa mu 2017 ndi 2018, amene anasautsa kwambiri Kanyama, komanso wa mu 2023 ndi 2024 pamene National Heroes Stadium inasanduka chipatala, tikudziwa kuti madzi a pachitsime chosazama si oika m'kamwa. Madzi otsukira mano ayenera kukhala omwewo amene mungamwe, owiritsa kapena othira klorini.

Switi ndi chingamu cha shuga ndimadana nazo pa nkhani imeneyi, chifukwa zimanamiza. Zimabisa fungo kwa kanthawi kochepa, kenako shuga wake amatsala pa mano n'kumawabowola, dzino lobookalo n'kukhala nkhokwe ina ya fungo. Ngati mukufuna chotafuna, gulani chingamu cholembedwa kuti chilibe shuga. Chimenecho chimathandizadi potulutsa malovu.

Katsukidwe

Ambiri timatsuka mano kamodzi, m'mawa, mothamanga. Kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku musanagone, chifukwa zotsala za ndiwo zikagona m'kamwa mouma mabakiteriya amakhala nazo usiku wonse. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2 nthawi iliyonse, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mphindi 2 n'zambiri kuposa mmene timaganizira, yesani ndi wotchi ya pafoni muone. Mswachi ukhale wofewa. Uikeni mopendeka pamene dzino lakumana ndi nkhama, muziuyendetsa pang'onopang'ono mozungulira, osati kukwecha mwamphamvu. Musaiwale mkati mwa mano akutsogolo a m'munsi ndi mano akumapeto, chifukwa ndi kumene litsiro limaunjikana. Mukamaliza lavulani thovu, koma musachukuche ndi madzi ambiri, kuti mankhwalawo atsale pa mano.

Kenako lilime. Apa ndi pamene ambiri amalephera, ndipo ndi pamene pali phindu lalikulu. Tulutsani lilime, ikani mswachi kapena supuni yaing'ono kumbuyo mpaka pamene mungapirire, mukokere kutsogolo modekha maulendo angapo, mukutsuka supuniyo nthawi iliyonse. Masiku oyamba mudzamva ngati mukufuna kusanza. Zikatero pumirani kunja pamene mukukoka, ndipo chitani zimenezi musanadye. Pakapita masiku thupi limazolowera. Musapale mpaka kutulutsa magazi. M'mafamase muli tizipangizo tapulasitiki topalira lilime, koma supuni yanuyanu yoyera imakwanira.

Pakati pa mano mswachi sufika. Kachidutswa ka michopo kapena ka kapenta kakakanirira pamenepo masiku awiri, kamaola. Ulusi wotsukira pakati pa mano, umene m'masitolo amati floss, ndiwo umachotsa bwino. Ulowetseni pang'onopang'ono, muupinde mozungulira dzino, mukokere m'mwamba ndi m'munsi. Mukaununkhiza pambuyo pake mudzadziwa malo enieni amene akukuvutani. Zitsotso za machesi, singano ndi mapini zimabaya nkhama ndi kukulitsa mpata.

Amene alibe ndalama ya mswachi asaleke kutsuka. Kamtengo kotafuna kumapeto, kamene makolo athu ankagwiritsa ntchito, kamachotsa litsiro bwino ngati munthu afika nako mbali zonse za mano ndipo akudula nsonga yakale kawirikawiri. Koma makala, phulusa ndi mchenga zimapala chikopa cholimba cha dzino, chimene sichimeranso, ndipo mano amayamba kuchita dzanzi ndi madzi ozizira. Mswachi nawo umakalamba. Usintheni pakatha miyezi itatu, kapena msanga ngati tsitsi lake layamba kuyang'ana kumbali. M'nyumba zambiri za chipinda chimodzi mswachi umasomekedwa pakati pa khoma ndi lata, pamene mphemvu zimadutsa usiku. Uimikeni m'kapu mutu uli m'mwamba kuti uume, ndipo aliyense, ngakhale mwamuna ndi mkazi wake, akhale ndi wakewake. Mwana wosakwana zaka 3 amangofunika mankhwala ochepa kwambiri ongopaka pamswachi, wa zaka 3 mpaka 6 ochuluka pang'ono, ndipo wamkulu azimutsuka kapena kumuyang'anira mpaka atakwana zaka 7. Agogo amene ali ndi mano oikirira aziwachotsa usiku, kuwatsuka ndi kuwaviika m'madzi oyera.

Madzi ofunda othira theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu imodzi amathandiza nkhama zotupa. Mankhwala ochukuchira m'kamwa okhala ndi chlorhexidine amapha mabakiteriya ndithu, koma ndi a masiku ochepa, sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime. Palibe mankhwala ochukuchira amene angalowe m'malo mwa mswachi.

Za adyo ndi anyezi wamuwisi sindichulutsa mawu. Fungo lake limalowa m'magazi n'kumatulukira m'mapapo, choncho ngakhale mutsuke chotani limatha lokha pakapita maola. Si matenda. Mowa ndi nkhani ina. Kaya ndi Chibuku, kachasu kapena wa m'botolo, umaumitsa m'kamwa, ndipo woledzera amagona osatsuka, kukamwa kuli yasa. Fodya ndiye woipitsitsa. Ali ndi fungo lakelake, amaumitsa malovu, amawononga nkhama, ndipo amabisa chizindikiro, chifukwa nkhama za wosuta sizitulutsa magazi msanga ngakhale zikudwala. Nsunko umene amayi ena amaika m'kamwa ulinso m'gulu lomweli.

Nkhama zikamatuluka magazi

Mukalavula thovu lofiira potsuka mano, kapena mukaluma mango n'kusiya magazi, nkhama zanu zikudwala. Ambiri akaona magazi amaleka kutsuka malowo poopa kudzipweteka, pamene chofunika ndi kutsuka bwino kwambiri, modekha. Litsiro loterera lija limene mungalipale ndi chikhadabo m'tsinde mwa dzino likasiyidwa limauma n'kusanduka chinthu cholimba chachikasu kapena chakuda, chimene mswachi sungachotse. Nkhama zimayamba kulekana ndi dzino, pamapangika kathumba kosunga mafinya, fupa logwira dzino limadyeka, mano n'kuyamba kugwedera. Chiseyeye chofika pamenepa chimanunkhitsa m'kamwa usana ndi usiku, ndipo nthawi zambiri sichipweteka mpaka mochedwa. Odwala shuga ndi amayi oyembekezera chimawagwira mosavuta.

Mankhwala ake ndi kupalitsa mano kuchipatala, kumene amati scaling. Pali mantha akuti kupalitsa kumagwedeza mano ndi kusiya mipata. Mipatayo inalipo kale, inangodzaza ndi litsiro louma, ndipo chimene chimagwedeza mano ndi matendawo. Nkhama zikapola zimagwira dzino bwino kuposa kale. Dzino lobooka nalo, likapita msanga, limamatidwa osazulidwa. Tsoka ndi loti ambiri timafika kwa dokotala tsaya litatupa kale, titagona masiku osatseka maso, ndipo pamenepo chotsala ndi kuzula. Kuzula dzino la m'mwamba sikuwononga maso, monga ena amanenera.

Ku Lusaka kuno poyambira ndi kiliniki ya kwanuko kapena zipatala za First Level za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata. Fotokozani kuti mukufuna kuonana ndi a mano. Ku Thorn Park kuli Dental Training School, ndipo zovuta kwambiri zimatumizidwa ku University Teaching Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Ogwira ntchito yolembedwa m'makampani amadulidwa gawo limodzi pa magawo 100 a malipiro awo kupita ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA mwezi ndi mwezi. Nyamulani nambala yanu, mufunse pakauntala chithandizo cha mano chimene mungalandire. N'zomvetsa chisoni kudulidwa ndalama zaka zonsezi kenako n'kumavutika ndi dzino pakhomo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti muleke. Choyamba ndi kuika asipulini pa nkhama kapena m'dzino lobooka. Amaotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera, dzino lili chipwetekere. Chachiwiri ndi kugula Flagyl kapena Amoxil popanda kulemberedwa ndi dokotala. Fungo limachepadi masiku angapo chifukwa mabakiteriya ena afa, koma litsiro louma ndi dzino lobooka zili pomwepo, ndiye fungo limabwerera, munthu n'kugulanso. Mapeto ake mankhwalawa amaleka kugwira ntchito pa tsiku limene adzafunike kwenikweni. Flagyl akakumana ndi mowa amathanso kusanzitsa koopsa.

Pamene gwero lili kwina

Ngati mwatsuka mano ndi lilime mokhulupirika milungu iwiri kapena itatu, dokotala wa mano waona kuti m'kamwa muli bwino, koma fungo silikutha, ndiye kuti muli m'gulu la ochepa amene gwero la fungo lawo lili kwina. Kawirikawiri vuto limakhala m'mphuno kapena kukhosi: chimfine chosatha chotsitsira mamina kukhosi, chimene anthu ogwira ntchito m'fumbi amachidziwa, kapena timibulu toyera tonunkha kwambiri timene timapangika m'timaenje ta mbali zonse za kukhosi, moti nthawi zina munthu amatitsokomola. Chilungulira chobwerabwera chimathanso kuchititsa. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, a chimfine ndi a maganizo amaumitsa m'kamwa. Musawasiye panokha, uzani amene anakulemberani.

Fungo lina ndi chenjezo la matenda aakulu. Munthu wa shuga akamanunkha ngati zipatso zopsa kwambiri, akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi, akusanza kapena kupuma mofulumira, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Fungo la mkodzo m'kamwa, pamodzi ndi kutupa miyendo ndi nkhope, limaloza ku impso. Chifuwa cha milungu iwiri kapena kuposa, makhololo onunkha kapena a magazi, thukuta la usiku ndi kuwonda zimafuna kuyezetsa TB, ndipo m'zipatala za boma kuyezako ndi mankhwala ake n'zaulere. Nkhama zopweteka kwambiri, zodyeka pakati pa mano, ndi zoyera zoyanga m'masaya ndi m'kamwa monse zimaoneka chitetezo cha thupi chikatsika, choncho ndi bwino kuyezetsa HIV ndi shuga. Chilonda cha m'kamwa kapena cha palilime chimene chatha milungu itatu osapola, makamaka kwa wosuta ndi womwa mowa, chionetsedwe kwa dokotala chifukwa khansa ya m'kamwa imayamba choncho.

Kwa ana pali ziwiri. Mwana wamng'ono akamanunkha ndipo akutuluka mamina onunkha mphuno imodzi yokha, kawirikawiri analowetsamo kanthu, kaya njere ya chimanga, nyemba, mkanda kapena kachidutswa ka siponji ya matiresi. Musatokose ndi chitsotso, mungakakankhire mkati. Pitani naye kukiliniki. Ngati mukuganiza kuti ndi kabatire kakang'ono ka wotchi, thamangani nthawi yomweyo chifukwa kamaotcha mnofu m'maola ochepa. Chachiwiri ndi matenda a noma, amene amagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 operewera zakudya m'thupi, nthawi zambiri atangodwala chikuku kapena malungo. Amayamba ndi fungo loipa kwambiri, nkhama zotuluka magazi ndi kutupa tsaya, ndipo m'masiku ochepa amatha kubowola nkhope. Ana ambiri osalandira chithandizo amamwalira, pamene akafika msanga amachira ndi mankhwala wamba. Mu Disembala 2023 bungwe la World Health Organization linaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha. Mwana wowonda amene m'kamwa mwayamba kununkha chotere asagonenso pakhomo.

Kumuuza mnzako

Zonse ndanenazi sizingathandize munthu amene sakudziwa kuti ali ndi vuto. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kumunong'oneza mnzako n'kovuta, koma kumuseka kumbali ndi kumupatsa switi tsiku ndi tsiku osanena chifukwa chake ndi nkhanza. Sankhani nthawi imene muli awiri, osati pagulu, osati mutakangana. Mayi angathe kunena kwa mwamuna wake kuti, "Bambo a kunyumba, masiku ano m'kamwa mwanu mwasintha, ndikuopa kuti mwina pali dzino lavuta. Bwanji Loweruka tipite limodzi kwa a mano, nanenso akandione?" Mnzako wa pantchito ungamukokere kuseri n'kumuuza kuti, "Akulu, musandimve molakwa, ndikunena chifukwa inenso ndingafune kuuzidwa." Mukaloza ku dzino kapena ku nkhama m'malo moloza ku uve, munthu amamva popanda kuchita manyazi kwambiri, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi zoona. Ana asukulu asanyozedwe pamaso pa anzawo. Mphunzitsi aitane kholo.

Palinso ena amene amadzizunza ndi fungo limene kulibe. Amalankhula dzanja lili pakamwa, amathawa anthu, amatsuka mano kasanu pa tsiku mpaka nkhama kusupuka. Ngati munthu amene mumamukhulupirira ndiponso dokotala wa mano akuuzani kuti palibe fungo, akhulupirireni, ndipo nkhawayo ikapitirira ikambeni ndi achipatala chifukwa nayo ili ndi thandizo.

Kwa enafe, yambani usiku uno musanagone: mano mphindi 2, pakati pa mano, kenako kumbuyo kwa lilime. Mawa nyamulani botolo la madzi popita kuntchito. Pakatha milungu iwiri funsani wa kunyumba kwanu kuti akuuzeni zoona. Akati fungo likadalipo, kapena nkhama zikutulukabe magazi, pemphani tsiku kwa abwana mupite kwa dokotala wa mano tsaya lisanatupe.